Kangalawa ka ku China kathyoka mlongoti, ndikakonze bwanji osakawononga?

Chisale (Zomba):
Moni nonse pagulu pano. Ine ndine kalipentala, ntchito yanga ya tsiku ndi tsiku ndi zitseko, mipando ndi makabati. Koma sabata ino kwandigwera ntchito yomwe sindinaigwirepo chiyambire. Bambo ena achikulire omwe ndimawakhomera zinthu kunyumba kwawo andibweretsera kangalawa kamatabwa, kutalika kwake ngati kuchokera paphewa langa kufika kunsonga kwa zala. Akuti mwana wawo anakagula ku Fujian, ku China, komwe anapita kukagwira ntchito. Kankakhala pamwamba pa kabati, ndiye mdzukulu wawo anakoka nsalu yoyala pakabatipo, kangalawa n'kugwa pasimenti. Mlongoti wapakati wathyoka, thanga lake lang'ambika, ndipo diso limodzi la kutsogolo lagwa, asesa nyumba yonse silikuoneka.

Chomwe chandilembetsa ndi ichi. Pamwamba pake pali timatabwa totukuka ngati zivundikiro. Nditatukula ndapeza kuti m'kati si mphako imodzi ayi. Muli makoma 11 opingasa, ogawa kangalawako m'zipinda 12, ndipo khoma lililonse si thabwa limodzi, ndi timatabwa titatu kapena tinayi tolumikizidwa mwakuti ngakhale tsitsi silingalowe pakati. Fungo lotuluka m'menemo lili ngati la mankhwala opaka pachifuwa munthu akadwala chimfine. Ndiye pansi penipeni pa khoma lililonse pali kabowo kokwana mtengo wa machesi. Ndikuganiza kuti ndi tizilombo tofumbula matabwa, ndipo mawa ndikufuna nditseke ndi guluu wosakaniza ndi utuchi. Alipo amene akuzidziwa zimenezi andiuze ndisanayambe? Zithunzi ndi izo ndaika.

Tadala (Xiamen):
Bambo Chisale, chonde guluuyo ayambe wadikira! Si tizilombo timeneto. Taonani pachithunzi chachitatu, timabowo tonse tili pamzere umodzi, pamalo amodzimodzi pa khoma lililonse. Amene anapanga anaboola dala. Ndili m'kalasi, ndikatuluka ndifotokoza bwino.

Mwale (Nkhotakota):
Mwanayu akunena zoona, a Chisale. Ngakhale maboti athu amatabwa kuno, pansi pa nthiti timasiya kampata koti madzi aziyenda kupita pomwe patsika, kuti wokapa azikapa pamalo amodzi. Mukatseka, madzi amaima m'kona, ndipo thabwa limayambira pomwepo kuola.

Kondwani (Salima):
Koma ine sindikumvetsa. Ngati makomawo ndi otsekera madzi kuti asadutse, bowolo n'lachiyaninso? Ndi chimodzimodzi kumanga khola n'kusiya khomo pululu.

Tadala (Xiamen):
Ndatuluka. Achimwene a Kondwani, funso lanulo ndinalifunsanso ine tsiku lomwe tinapita ku Quanzhou, mzinda womwe uli pafupi ndi kuno, pa sitima yothamanga sipakwana ola. M'bwalo la kachisi wa Kaiyuan muli nyumba yosungiramo chombo chenicheni chakale. Anachifukula m'matope mu 1974 pa doko la Houzhu, ndipo n'cha nthawi ya ufumu wa Song, zaka za m'ma 1270. Chomwe chinatsala ndi gawo la pansi lokha, lotalika mamita 24.2, m'lifupi mamita 9.15. Ukaima m'mwamba n'kusuzumira umaona makoma 12 ogawa chombocho m'zipinda 13, mofanana ndi zomwe Bambo Chisale apeza m'kangalawa kawoko, kungoti kawoko kali ndi makoma 11. Ndipo m'munsi mwa makomawo muli mabowo oyendamo madzi.

Kagwiridwe kake n'kotere: nyanja ikakhala bwino mabowo amakhala otsegula, madzi ochucha pang'onopang'ono aziyenda kukasonkhana pamalo amodzi, monga anenera Bambo Mwale. Chombo chikagunda mwala n'kubooka, amalinyero amakhomerera zotsekera m'mabowomo, madzi n'kutsala m'chipinda chimodzi kapena ziwiri zokha. Amasamutsa katundu, n'kupitiriza ulendo mpaka pomwe angakonze. Makoma omwewo ndiwonso amalimbitsa chombo chonse kuti mafunde asachipotole. Anthu ena kuno amati nzeruyi inachokera pa nsungwi, momwe mfundo zake zimagawira mphako ya m'kati.

Fungolo ndi la mtengo wa camphor. Ku Fujian amagwiritsa ntchito camphor, paini ndi fir pokhoma zombo zimenezi. Ngati kangalawako kakununkhira choncho, amene anakapanga sanatole thabwa lililonse lomwe linali pafupi.

Chisale (Zomba):
Zikomo kwambiri mwanangu, mwandipulumutsa. Guluu ndinali nditagula kale. Tsopano ndakayang'ananso ndi tochi, ndipo ndaona kuti mabowowo ndi osalala m'mbali, mulibe ufa ngati wa chofumbwa. Koma chikundizunguza mutu n'chakuti munthuyu anavutikiranji chonchi? Kangalawa aka sikadzalowa m'madzi. Eni akewo zaka zonsezi sankadziwa n'komwe kuti timatabwato timatukuka.

Kondwani (Salima):
Funso lake ndi lomwelo. Ine ndimagulitsa ziboliboli kwa alendo, ndipo ndikuuzani kuti wogula amayang'ana kunja: kusalala, vanishi, mtengo wake. Wosema akati athe milungu itatu akujoina timatabwa tobisika, mtengo ukwera, chinthu chikhala pashelefu mpaka fumbi. Ndikanakhala ine ndikanasema chipika chimodzi, kukhoma milongoti, basi ana adya.

Aphunzitsi Banda (Dedza):
A Kondwani, zomwe mukunenazo n'zoona pa malonda, ndipo sindikupeputsa nkhani ya ana kudya. Koma pali tingalawa ta mitundu iwiri. Pali tokongoletsera pabalaza, ndiye pali tosungiramo luso. Amisiri akale a zombo za ku China ambiri sankajambula pulani papepala. Miyeso inali m'mutu mwa mmisiri wamkulu, iye n'kumaipereka kwa ana ake ndi ophunzira ake pogwira ntchito. Zombo zachitsulo ndi za injini zitabwera, anthu anasiya kuitanitsa zamatabwa. Mu 2010 bungwe la UNESCO linaika luso limeneli la makoma otseka madzi pa mndandanda wa miyambo yofunika kuipulumutsa mwachangu, ndipo pa nthawiyo amisiri odziwa ntchito yonse kuyambira poyamba mpaka pomaliza anali atatu okha. Taganizani, atatu.

Ndiye mmisiri wotere, wopanda womupatsa ntchito ya chombo chachikulu, angaphunzitse bwanji mwana? Amapanga chaching'ono, koma motsata ndondomeko yonse ya chachikulu: msana wa pansi pa chombo poyamba, kenako makoma, kenako matabwa a m'mbali. Kangalawa kamene kali pa benchi la a Chisaleko mwina kanagulitsidwa m'sitolo, koma kapangidwe kake n'ka gulu lachiwirili. Muzikaona ngati buku.

Kondwani (Salima):
Ndamva aphunzitsi. Koma bukulo likhale ndi owerenga. Apa eni ake sanatsegule ngakhale tsamba limodzi.

Nangozo (Lilongwe):
Latsegulidwa lero, achimwene, ndipo tikuwerenga tonse pano. Ine ndabwerera thangalo poti ndine telala. Bambo Chisale, tajambulani pafupi ndione nsalu yake ndi masokedwe.

Chisale (Zomba):
Ndi icho chithunzi, mayi. Nsalu ndi yopyapyala, yofiirira ngati dothi la katondo. Ndawerenga timitengo tansungwi topingasa pa thanga lapakatilo, tilipo 9, titatu tathyoka. Ndiye kumapeto kwa kamtengo kalikonse kuli ulusi wakewake, maulusiwo akukumana awiriawiri, kenako onse akupita kumbuyo kwa ngalawa. Panopa apiringizana ngati ukonde woti mwakodwa ng'ona. Chinanso, palibe chingwe chilichonse chomangirira mlongoti m'mbali. Kodi zinaduka pogwa paja kapena n'momwe zimakhalira?

Tadala (Xiamen):
N'momwe zimakhalira nthawi zambiri, bambo. Mlongoti umatsika kudutsa pamwamba mpaka pansi pa chombo, n'kupanidwa pakati pa matabwa awiri okhuthala otsamira pa khoma limodzi la m'kati lija. Mphamvu yake imachokera pamenepo. Pakanakhala zingwe m'mbali, thanga lokhala ndi nsungwizo silikanatha kukwera ndi kutsika momasuka, kapena kuzungulira.

Mwale (Nkhotakota):
Apa ndiye pandikhudza. Ndakhala ndikuyang'ana chithunzicho kuyambira m'mawa. Thanga lomwe ife tinalizolowera pa nyanja ino, lija linabwera ndi zombo za Aswahili nthawi ya a Jumbe, ndi nsalu imodzi yaikulu yopachikidwa pa mtengo wautali wopendekeka. Mphepo ikakhala yabwino limakoka mokoma. Koma mwera ukadzuka mwadzidzidzi muli pakati pa nyanja, kulitsitsa ndi nkhondo. Nsalu imadzaza mphepo, imakwapula anthu, ndipo ikayamba kung'ambika imang'ambika yonse. Bambo anga ang'ono anataya katundu wa chimanga motero, anthu anapulumuka mwa chisomo.

Tsono ili la ku China ndikuliona nzeru yake. Nsungwizo zagawa thanga m'zigawo. Mphepo ikakula, mungomasula chingwe chokwezera pang'ono, zigawo za m'munsi zidzipinda zokha chimodzi pamwamba pa chinzake, thanga lachepa. Palibe wokwera mumlongoti. Pakang'ambika, chibowo chithera pa nsungwi yotsatira. Ndipo maulusi omwe akukusokonezaniwo, a Chisale, ndi omwe amalola woyendetsa kuwongola thanga lonse, m'mwamba ndi m'munsi momwe, ali chikhalire kumbuyo. Musadule ngakhale umodzi. Masulani ndi singano, umodziumodzi, ndipo musanachotse chilichonse jambulani.

Aphunzitsi Banda (Dedza):
A Mwale mwawerenga chithunzi kuposa momwe ine ndingawerengere buku. Ndingoonjezerapo kuti Ibn Battuta, mlendo wa ku Morocco uja, anaziona zombo zimenezi pa doko la Calicut ku India m'zaka za m'ma 1340. Analemba kuti zazikulu zinali ndi matanga ofika 12, zazing'ono atatu, ndipo matangawo anali a nsungwi zolukidwa ngati mphasa. Nsalu ya thonje inadzafala pambuyo pake. Marco Polo, mlendo wa ku Italy, nayenso, Ibn Battuta asanabwere, anali atalemba kale za zipinda zotseka madzi zija.

Nangozo (Lilongwe):
Ndaona chithunzi. Bambo Chisale, thanga limeneli musalitaye, n'lotheka kulikonza. Chigawo chimodzi chokha ndicho chang'ambika moipa. Pezani nsalu ya thonje lenileni, yakale, yochapidwachapidwa mpaka kufewa, monga mpango wa m'thumba kapena malaya oyera otha. Ya nayiloni ayi, siimwa utoto ndipo imanyezimira. Wiritsani masamba a tiyi ambiri, muviike kachidutswa, muumitse pamthunzi, muyerekeze ndi yakaleyo. Mubwereze mpaka zifanane. Kumbukirani kuti nsalu yonyowa imaoneka yoderapo kusiyana ndi ikauma, ndiye musafulumire kuweruza.

Posoka, makina ayi. Pa kanthu kakang'ono chonchi mzere wa makina umaoneka ngati chingwe chomangira mbuzi. Singano yaing'ono kwambiri, ulusi umodzi, ndipo msoko ubisale kuseri kwa kansungwi. Wina akakuuzani kuti muumitse nsaluyo ndi phala la chinangwa mukane, mphemvu zidzadya thanga lonse. Ngati manja a ukalipentala akukanika, nditumizireni pa basi, ndikusokerani ulere. Ndikufuna ndikagwireko ndi manja anga.

Tadala (Xiamen):
Mayi Nangozo, tiyiyo akugwirizana ndi zenizeni. Matanga a zombozi ankawanyika m'madzi a makungwa ndi mizu ya zomera kuti asaole msanga ndi chinyezi cha m'nyanja. Kufiirira kuja kunkachokera pamenepo, sikunali kukongoletsa chabe.

Gondwe (Mzuzu):
Ndakhala ndikungowerenga, koma ndili ndi funso kwa a Chisale. M'mipata ya matabwa a m'mbali mukuona chomatira chamtundu wanji?

Chisale (Zomba):
Muli timizere totuwa, tolimba ngati mwala. Ndakanda ndi nsonga ya tchizulo, si guluu, si phula.

Gondwe (Mzuzu):
Ndimaganiza choncho. Amisiri a ku Fujian amamata mipata ndi zinthu zitatu: laimu, mafuta a tung, ndi luzi la chomera chotchedwa ramie. Amasinja pamodzi mpaka zikhale ngati nsima yolimba, n'kukhomerera m'mipata. Zikauma madzi sadutsa. Chomwe ndafunsira n'chakuti mtengo wa tung umenewu, womwe kwawo ndi ku China, ife a kuno timaudziwa. Tauni ya Mzuzu inayambira pa esiteti ya tung chakumapeto kwa zaka za m'ma 1940. Agogo anga aamuna anagwirako ntchito yotola mbewu zake, ndipo ankatichenjeza kuti tisadzayerekeze kuzidya chifukwa ndi poizoni. Ankadziwa kuti mafutawo amapita kunja kukapangira penti ndi vanishi, koma sindikhulupirira kuti anamvapo zoti kwawo kwa mtengowo amamatira zombo. Ndikanakonda akanakhalapo ndiwaonetse zithunzizi.

A Chisale, pomaliza musapake vanishi wonyezimira uja wa m'zitini. Ngati mungapeze mafuta a tung, pakani pang'ono ndi kansalu pa mlongoti watsopanowo basi. Akasowa, a linseed. Kwinako musakhudze.

Kondwani (Salima):
Apa ndikugwirizana nanu a Gondwe. Vanishi wokhuthala amapha mtengo, ngakhale ogula ena amamufuna. Koma ndifunseko za Zheng He. Pa intaneti ndimaona tingalawa ta milongoti 9 akuti ndi chombo chake, ndipo amatigulitsa modula zedi. Aka ka a Chisale n'kamtundu umenewo?

Aphunzitsi Banda (Dedza):
Ayi, aka kali ndi milongoti itatu, ndi chombo cha malonda cha ku Fujian. Za Zheng He zili motere. Anali mkulu wa zombo za mfumu Yongle ya ufumu wa Ming, wobadwira ku Yunnan m'banja lachisilamu. Anatsogolera maulendo 7 pakati pa 1405 ndi 1433, ulendo woyamba ali ndi anthu oposa 27,000. Zombo zake zinafika ku India, ku Arabia, mpaka kugombe la kum'mawa kwa Africa. Mu 1415 nthumwi za ku Malindi zinakapereka nyamalikiti kwa mfumuyo.

Nangozo (Lilongwe):
Malindi wa ku Mangochi, aphunzitsi?

Aphunzitsi Banda (Dedza):
Ayi mayi, Malindi wa ku Kenya, m'mbali mwa nyanja yamchere. Ana asukulu ankandifunsanso chimodzimodzi.

Tsono pa tingalawa ta milongoti 9, a Kondwani, chenjerani. Mabuku akale a ku China amati zombo zazikulu kwambiri za Zheng He zinali zotalika kuposa mamita 120. Akatswiri ambiri a zomangamanga zombo amakayika ngati chombo chamatabwa chotalika choncho chingapirire mafunde osathyoka msana, ndipo ena amati zinali pafupifupi theka la pamenepo. Ku Nanjing, pamalo pomwe ankakhomera zombozo, mu 1957 anafukula mtengo wa chiwongolero wotalika mamita 11, ndiye kukula zinali zazikulu ndithu. Koma chombo chenichenicho sichinapezeke, pulani yakenso palibe. Aliyense wosema chombo cha Zheng He akuphatikiza zolembedwa ndi maganizo ake. Ine ndikanakhala ndi ndalama ndikanasankha kangalawa konga ka a Chisale, kotengera chombo chomwe wopangayo kapena bambo ake anachigwirapo ndi manja.

Mphatso (London):
Moni akuluakulu. Nkhani ya tingalawa tosunga luso ija ili ndi umboni kunonso. M'zaka za m'ma 1930, Sir Frederick Maze, yemwe anali mkulu wa kasitomu ya m'madoko a China, anaona kuti zombo zamatanga zikutha. Analamula amisiri a ku China komweko kuti apange tingalawa totsata miyeso ya zombo zenizeni, ndipo anatipereka ku Science Museum ya kuno ku London. Wina mwa ogwira ntchito pansi pake, G. R. G. Worcester, anayenda m'mitsinje akuyeza ndi kujambula zombo, n'kulemba mabuku okhudza za mumtsinje wa Yangtze. Ine ndinationa tingalawato ndisanadziwe kufunika kwake, chipinda cha zombo chisanatsekedwe mu 2012. Ku Antwerp, ku Belgium, kulinso tina 125 tomwe boma la China linatumiza ku chionetsero cha ku St. Louis mu 1904.

Chomwe chinandikhalira m'mutu n'chakuti mawu oti junk, omwe azungu amatchulira zombo zonsezi, amabisa mitundu yambirimbiri. Mawuwo si a Chitchaina n'komwe, anachokera ku jong wa ku Java ndi ku Malaya kudzera mwa Apwitikizi. Mtsinje uliwonse ndi gombe lililonse zinali ndi chombo chakechake. Chilipo china cha mumtsinje wa Wu, cha ku Fuling, chomwe kumbuyo kwake n'kopotoka dala, mbali imodzi yokwera kuposa inzake, kuti nkhafi yaitali yowongolera igwire bwino ntchito m'mathithi. Munthu wosadziwa atapatsidwa kangalawa kotero kuti akonze, angayambe kuwongola.

Chisale (Zomba):
Ngati momwe ine ndikanatsekera mabowo aja. Achimwene a Mphatso mwanena zoona.

Tadala (Xiamen):
Pa mitunduyo, kuno amatchula inayi ikuluikulu ya panyanja. Fuchuan ya ku Fujian, pansi pake posongoka ngati mpeni, mutu ndi kumbuyo zokwera, yoyenera nyanja yakuya. Shachuan ya kumathiriro a Yangtze, pansi pake pafulati kuti ikakhala pamchenga madzi akaphwa isagubuduke. Guangchuan ya ku Guangdong, yomwe chiwongolero chake chimakhala ndi mabowo kuti chisalemere pokhotetsa. Ndi niaochuan ya ku Zhejiang, yomwe mutu wake amaufanizira ndi mbalame. Bambo Chisale, tatembenuzani kanuko muone pansi.

Chisale (Zomba):
Posongoka, ndipo pali msana wokhuthala kuyambira kutsogolo mpaka kumbuyo, wolumikizidwa pawiri. Ndiye ndi fuchuan. Chiwongolero chilibe mabowo, koma chili ndi kachingwe kokulungidwa pa kamtengo kozungulira, ndikapotokola chikukwera, ndikamasula chikutsika.

Mwale (Nkhotakota):
Eya! Pamadzi akuya achitsitse chigwire bwino, pofika kugombe achikweze chisakhule pansi. Ife timachita kuzula ndi manja. Anthu amenewa nyanja ankaidziwa.

Tadala (Xiamen):
Polumikizira msana pamene mwatchulapo pali nkhani yomwe inandikhudza kwambiri ku Quanzhou kuja. Pa chombo chakale chija, atalekanitsa mitengo ya msana, anapeza timabowo tosemedwa m'kati mwa polumikizira. M'timabowo 7 munali ndalama zachitsulo, zoyalidwa ngati nyenyezi 7 zija za kumpoto, ndipo m'bowo lalikulupo munali kalilole wamkuwa woimira mwezi. Anaziika pokhoma chombo, kupempha ulendo wabwino, podziwa kuti palibe adzazione. Zinakhala mumdima zaka pafupifupi 700. Chombocho chinali chikuchokera kumayiko a kum'mwera, chitanyamula mitengo yonunkhira yoposa matani awiri, tsabola ndi zina.

Achimwene a Kondwani, sindikutsutsa za msika. Ndikungoti amisiri a kumeneku anazolowera kalekale kugwira ntchito yabwino pamalo osaoneka.

Kondwani (Salima):
Achemwali, mwandigonjetsa theka. Theka linalo ndi lakuti wosema wa kuno sangadikire zaka 700 kuti alipidwe. Koma ndavomera kuti ndikadzaona kangalawa kotere sindidzakaikanso mtengo umodzi ndi kachipika. Ndinagulapo kamodzi pa intaneti kuti ndione ngati tingayende malonda. Pachithunzi kanali kokongola, katafika kanali kopepuka ngati chitsononkho, matanga apulasitiki omata ndi guluu, maso ake a sitika. Ndinakapereka kwa mwana wa mlongo wanga.

Chisale (Zomba):
Poti mwatchula maso, ndithandizeni pa lomwe lasowali. Lotsalalo ndi kamtengo kozungulira kotukuka ngati theka la nzama, koyera, pakati pakuda, kokhomedwa ndi timisomali titatu. Ndingoseme lina lofanana?

Tadala (Xiamen):
Inde, koma yang'anitsitsani komwe kadontho kakudako kaloza. Kuno amawatchula maso a chinjoka. Mwambo wake umati chombo cha asodzi maso ake amayang'ana pansi kuti chione nsomba, cha malonda amayang'ana kutsogolo kuti chione njira. Kuika maso pa chombo chatsopano unali mwambo waukulu, wosankhira tsiku. Ndiye latsopanolo liyang'ane komwe linzake likuyang'ana.

Chisale (Zomba):
Likuyang'ana kutsogolo. Aphunzitsi ananena zoona kuti n'cha malonda. Ndaonanso kumbuyo, m'kanyumba ka pamwamba, muli kashelefu kopaka utoto wofiira, kopanda kanthu.

Tadala (Xiamen):
Pamenepo ndi pa guwa la Mazu, yemwe amalinyero a ku Fujian amamupembedza ngati mtetezi wawo panyanja. Kachisi wake wamkulu ali pa chilumba cha Meizhou. Zombo zinkanyamula kafano kake. Mwina kanalipo n'kugwa, mwina wopangayo anangosiya malo. Afunseni eni akewo.

Aphunzitsi Banda (Dedza):
Ndipo ngati sakukumbuka, musasemepo china chongoganizira, a Chisale. Pokonza chinthu cha eni, chomwe muli nacho umboni bwezerani, chomwe mulibe umboni siyani.

Gondwe (Mzuzu):
Nanga mlongoti mwaganiza mtengo wanji?

Chisale (Zomba):
Ndinali ndi maganizo a mlombwa poti ndi wolimba, koma ndaona kuti mtundu wake ukusiyana kwambiri ndi milongoti iwiri yotsalayo, yomwe ndi yoyererapo. Ndili ndi kachidutswa ka paini wakale wochokera pa chitseko chomwe ndinagumula, wouma zaka zambiri, mizere yake yoongoka ndi yothinana. Ndaung'amba ndi mpeni motsata mizere m'malo mocheka ndi sowo, kuti usadzapindike. Ndaupala ndi pulena kukhala wa mbali 4, kenako 8, kenako sandipepa. Wakalewo ndauyeza malo asanu, chifukwa ukucheperachepera pokwera, ndipo sunaime chilili, wapendekera kutsogolo pang'ono zedi. Wa kutsogolo ndiye wapendekera kwambiri. Poyamba ndimayesa n'kugwa kuja, koma mabowo ake anasemedwa motero.

Mwale (Nkhotakota):
Musauwongole. Ndipo polowetsa musathire guluu pansi pake ngati wakalewo unalibe.

Chisale (Zomba):
Unalibe, unangopanidwa ndi kamphero kamtengo. Kampheroko ndakapeza m'chipinda chachisanu, kanagwera m'menemo.

Chisale (Zomba):
Ndabweranso patatha masiku anayi. Mlongoti walowa, kamphero kagwira. Maulusi ndamasula onse ndi singano monga munanenera a Mwale, zinanditengera madzulo awiri, umodzi wokha ndiwo unali woduka. Tinsungwi titatu ndasema kuchokera ku nsungwi youma ya padenga la khola, mbali ya kukhungu. Diso ndasema ku mbawa, ndapaka penti, likuuma. Thanga ndapakira m'katoni pakati pa makatoni ena awiri, lanyamuka ndi basi ya m'mawa uno, Mayi Nangozo ndakutumizirani nambala ya kondakitala kumbali.

Dzulo eni ake anabwera kudzaona. Ndinawapatsa tochi n'kuwatukulira timatabwa tija. Anakhala pa benchi nthawi yaitali akusuzumira chipinda chimodzichimodzi, akuwerenga makoma ndi chala. Kenako anaimbira mwana wawo uja pompo kumufunsa za kashelefu kofiira. Akuti kafano kanalipo, kakang'ono ngati njere ya chimanga, ndipo akukhulupirira kuti kali m'kabokosi komwe amasungiramo mabatani. Apita kukafufuza.

Nangozo (Lilongwe):
Katoni yafika bwino, bambo. Tiyi ali pamoto. Nsalu yoyamba yatuluka yoyererapo, ndiviikanso kawiri. Munditumizire muyeso wa pakati pa kansungwi kachinayi ndi kachisanu mbali ya kumlongoti, chifukwa pamenepo nsalu yakale yanyenyeka ndipo sindikufuna kungoganizira.

Chisale (Zomba):
Mamilimita 38 mbali ya kumlongoti, 44 mbali inayo. Ndayeza kawiri.